Springbank wa zaka 10: wisiki wa ku Campbeltown amene kukoma kwake kumayambira pa chimera

Springbank wa zaka 10 ndi wisiki amene tingamuuze munthu kuti agule mosakayika, malinga ngati wamupeza pa mtengo wa m'sitolo. Botolo lake ndi la mamililita 700, ukali wake ndi 46 peresenti, sathiramo utoto, ndipo samusefa atamuziziritsa monga amachitira ndi mawisiki ambiri. Mfundo zitatu zomalizazi n'zolemera kuposa mmene zimaonekera palebulo, ndipo tizibwerera. Chimene chimamupatula kwenikweni kwa anzake ndi njira imene amapangidwira. Eni fakitaleyi anasunga dala njira zakale zochedwa, zodya ndalama ndiponso zotulutsa mowa wochepa pa thumba lililonse la balere, ndipo pafupifupi chilichonse chimene mumamva m'tambula chimachokera ku chimodzi mwa zosankha zimenezo. N'chifukwa chake sitingamuyeze bwino popanda kulowa m'fakitale momwemo.

Campbeltown ndi tauni yaing'ono ya padoko, kumapeto kwa Kintyre, kamtunda kakatali kolowa m'nyanja kumadzulo kwa Scotland. Kumeneko kumagwa mvula pafupipafupi, mphepo ya kunyanja siileka, ndipo kutentha kwenikweni kulibe ngakhale m'chilimwe. M'zaka za m'ma 1800 tauniyi inali ndi mafakitale a wisiki opitirira 30. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1930 anatsala awiri okha, Springbank ndi Glen Scotia. Zimene zinawagwetsa zinabwera nthawi imodzi: America inaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, mgodi wa malasha wapafupi umene unkapereka malasha otsika mtengo unatsekedwa, ena mwa mafakitalewo anawononga mbiri ya tauni yonse potcheza mothamanga, ndipo makampani osakaniza wisiki anatembenukira ku Speyside, dera la kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, kumene mowa wake ndi wopepuka. Springbank inalandira chilolezo mu 1828, inalowa m'manja mwa banja la Mitchell mu 1837, ndipo mpaka lero ili pansi pa kampani ya J & A Mitchell. Kampani yomweyo inatsegulanso mu 2004 fakitale ya Glengyle ya m'tauni momwemo, imene inatsekedwa mu 1925.

Mawu a palebulo ali ndi lamulo kumbuyo kwake. Malamulo a wisiki wa ku Scotland a 2009 amati mowa uyenera kukhala m'migolo ya mtengo wa oak, yosapitirira malita 700, kwa zaka zosachepera 3, m'dziko la Scotland momwemo, ndipo usatsike pa 40 peresenti pothira m'botolo. Akalemba kuti single malt ndiye kuti ndi wa chimera cha balere chokha, wotchezedwa m'miphika ya mkuwa pa fakitale imodzi. Nambala ya zaka imanena za mgolo wa zaka zochepa kwambiri mwa yonse imene yasakanizidwa, choncho m'botolo la zaka 10 mungakhale mowa wa zaka 12, koma wa zaka 9 simungakhale. Lamulo limalola kuthira utoto wa shuga wowotcha, ndipo makampani ambiri amathira kuti mabotolo onse azioneka ofanana. Springbank sathira. Mukaona botolo lina lofiirira kuposa linzake, dziwani kuti ndi migolo imene yasiyana.

Ntchito imayambira pa chimera, ndipo aliyense amene anaonapo chimera cha mawere chikukonzedwa kuti chikalowe mu thobwa kapena masese sadzavutika kumva zimene zimachitika pano. Balere wouma ali ndi ufa wa sitachi umene yisiti sangadye. Mbewu ikayamba kumera imatulutsa mphamvu yosandutsa sitachiyo kukhala shuga. Choncho amamunyika balere m'madzi kwa masiku pafupifupi 2, akumakhetsa madziwo pakatipakati kuti mbewu ipume, mpaka chinyezi chake chifike cha m'ma 45 peresenti. Kenako amamuyala pansi pa simenti m'nyumba yaikulu yozizira n'kumusiya amere kwa masiku 5 kapena 6. Mafakitale ambiri a ku Scotland analeka zimenezi kalekale, amangogula chimera chokonzakonza kwa makampani akuluakulu amene amameretsa m'mathanki ozungulira okha. Ochepa monga Laphroaig, Bowmore, Highland Park, Balvenie ndi Kilchoman akadali ndi pansi poyalapo, koma amangopanga gawo la chimera chimene amafuna. Springbank imapanga chimera chake chonse pamalopo, ndipo zonse kuyambira kunyika balere mpaka kutseka botolo zimachitikira mumpanda umodzi.

Chimera cha pansi chimafuna maso. Mbewu yomera imatulutsa kutentha, ndipo mulu ukasiyidwa, pakati pake pamafunda kuposa m'mbali. Pakafunda kwambiri mbewu imathamanga kumera n'kudya shuga yemwe mukumufunayo, timizu timalukana n'kupanga chimphasa chimodzi chosapita mpweya, kenako chuku chimalowa. Pofuna kupewa zimenezi, antchito amatembenuza balere ndi mafosholo ndi mareki pakapita maola angapo alionse, ndipo amasintha kukhuthala kwa muluwo malinga ndi nyengo: kukazizira amaunjika, kukafunda amayala mopyapyala. Apa ndi pamene kuzizira kwa dzikoli kumayamba kugwira ntchito, chifukwa mbewu imamera pang'onopang'ono mosapsa. Ngakhale zili choncho, chimera cha manja sichifanana mbewu ndi mbewu ngati cha makina. Zina zimamera mokwanira, zina zimatsalira, ndipo mowa wotuluka pa tani imodzi umachepa. Kumeneko n'kutaya ndalama koonekeratu, koma kusafanana komweko kumasiya fungo la chimera lolemera limene limamveka ngakhale patapita zaka 10.

Kumera kukafika poyenera amakuimitsa poumitsa chimeracho, ndipo apa ndi pamene pamalowa peat. Peat ndi dothi lakuda la m'madambo a kumayiko ozizira a kumpoto, lopangidwa ndi ndere, udzu ndi tizitsamba zimene zinafa koma sizinawole bwino chifukwa cha madzi ndi kuzizira, n'kumaunjikana kwa zaka masauzande. Amamudula m'zidutswa, kumuumitsa, n'kumusonkhezera pansi pa chimera. Chofunika pa peat ndi utsi, moto wa malawi ulibe ntchito, n'chifukwa chake wosonkhezera amaonetsetsa kuti akufuka basi. Utsi umamatirira pa mankhusu a balere akadali onyowa. Chimera chikauma, ngakhale mutafukiza tsiku lonse, n'zochepa zimene zimalowanso.

Springbank imatulutsa mawisiki atatu m'miphika yomweyomweyo, ndipo kusiyana kwawo kumayambira pa ng'anjo imeneyi. Chimera cha Springbank weniweni chimalandira utsi wa peat kwa maola pafupifupi 6, kenako chimaumitsidwa ndi mpweya wotentha wopanda utsi kwa maola pafupifupi 30. Cha Longrow, amene anayamba kutchezedwa mu 1973, chimafukizidwa mpaka maola 48. Cha Hazelburn, wa 1997, sichiona utsi n'komwe. Maola 6 amenewo ndi muyeso wanzeru kwambiri pa botolo lonseli. Utsi ulipo, koma uli kumbuyo, sukuphimba zipatso ndi chimera monga umachitira mwa mawisiki aukali a pachilumba cha Islay.

Chimera chouma chimapita m'chigayo chakale cha Porteus. Sachigaya ngati ufa wa nsima. Muyeso umene mafakitale ambiri amatsata ndi magawo 70 a misere, 20 a mankhusu ndi 10 a ufa wosalala. Mankhusu amagwira ntchito ya sefa pansi pa thanki. Ufa ukachuluka, phala limamata n'kutseka timabowo, madzi otsekemera osatsika. Misere ikakula kwambiri, madzi amangodutsa osatenga shuga yense. Thanki yosakaniziramo ya ku Springbank ndi yachitsulo, yosavindikira pamwamba, ndipo yatha zaka zoposa 100. Madzi amachokera ku Crosshill Loch, pamwamba pa tauniyo. Madzi oyamba amasakanizidwa ndi chimera pa madigiri 63 kapena 64, chifukwa pamenepo m'pamene sitachi amasanduka shuga bwino. Mukapitirira ndi madigiri ochepa chabe, mphamvu yosandutsa ija imafa ndipo mumatsala ndi shuga amene yisiti sangathe kudya. Madzi otsatira amakhala otentha koposa kuti atsuke shuga wotsalira, ndipo omalizira amasungidwa kuti akayambire phala lotsatira.

Gawo limene ife timaliona kuti ndilo mtima wa wisiki ameneyu ndi kuwiritsa ndi yisiti. Madzi otsekemera aja amaziziritsidwa kufika pansi pa madigiri 20 asanathiremo yisiti, popeza kuwirako kumatulutsa kutentha kwakekwake, ndipo kukadutsa madigiri 35 yisiti amafooka n'kufa ntchito isanathe. Mathanki a ku Springbank ndi amatabwa a mtengo wa larch. Mafakitale ambiri amawiritsa kwa maola 48 mpaka 60 n'kupeza mowa wa 8 kapena 9 peresenti. Springbank imapanga madzi osungunuka, osachuluka shuga, n'kuwasiya nthawi yaitali, nthawi zina kupitirira maola 100, ndipo mowa wake umangofika cha m'ma 5 peresenti. Wowerengera ndalama angati n'kuwononga malo ndi nthawi. Koma yisiti amamaliza ntchito yake m'masiku awiri oyamba, ndipo akatha, tizilombo tosasitsa, ta mtundu womwe umasasitsa mkaka kukhala chambiko, timatenga malo. Timakhalapo chifukwa madzi a wisiki saphikidwa ngati a mowa wa m'mabotolo, ndiponso matabwa sangatsukike mpaka kuyereratu ngati chitsulo. Asidi amene timatulutsa amagwirana ndi mowa n'kubala fungo la zipatso, la chinanazi ndi maapulo, komanso kafungo kena kolemera kamene anthu amati ndi ka Campbeltown. Ngozi yake ndi yakuti thanki ikapanda kusamalidwa bwino, tizilombo tolakwika timatsogola yisiti asanayambe, mowa n'kusasa ngati viniga kapena kununkha batala wovunda, ndipo fungo limenelo silichoka ngakhale mutcheze katatu.

Miphika yotchezera ilipo itatu, yonse ya mkuwa. Mkuwa suli pamenepo kuti ukongoletse nyumba. Nthunzi ya mowa ikakhudza mkuwa, sulufule amene amanunkha ngati mazira owola kapena kabichi wophika amagwidwa n'kutsalira. Nthunzi ikakhudza mkuwa wambiri mowa umapepuka, ikakhudza wochepa umalemera. Mphika woyamba wa ku Springbank umatenthetsedwa ndi moto wa mafuta pansi pake, mothandizana ndi mapaipi a nthunzi m'kati. Mafakitale ambiri anasiya moto wa pansi chifukwa umapsereza: zotsalira za yisiti ndi chimera zimakakamira pansi pa mphika ngati nkhoko. Mankhwala ake ndi maunyolo a mkuwa otchedwa rummager, amene amazungulira akukwekwesa pansi nthawi yonse imene moto ukuyaka. Akamagwira bwino ntchito, kupsa pang'ono kumene kumatsala kumapatsa mowa fungo la chinthu chokazinga ndiponso thupi la mafuta. Akaima, mphika wonse umamveka chopserera. Vuto lina la mphika woyamba ndi thovu. Moto ukakula msanga, thovu limakwera khosi lonse n'kutsikira mbali ina pamodzi ndi mowa, choncho wotcheza amayang'ana pa kawindo ka pakhosi la mphika n'kumachepetsa moto.

Mawisiki ambiri a ku Scotland amatchezedwa kawiri. Longrow ndi wa kawiri, Hazelburn ndi wa katatu, koma Springbank amati ndi wa kawiri ndi theka, ndipo ambiri amasokonezeka nazo. Zimayenda motere. Mphika woyamba umatulutsa mowa wofooka wa m'ma 20 peresenti. Gawo lalikulu la mowa umenewu limalowa mumphika wachiwiri n'kutchezedwanso, gawo laling'ono limasungidwa. Mumphika wachitatu amathiramo magawo pafupifupi 80 a wotchezedwa kawiri uja ndi magawo 20 a wotchezedwa kamodzi. Chotuluka pamenepo n'chosakanikirana, china chadutsa pamoto katatu, china kawiri. Cha katatu chimabweretsa kuyera ndi zipatso, cha kawiri chimasunga kulemera. Mphika umodzi mwa itatuyi umaziziritsa nthunzi m'njira yakale, paipi ya mkuwa yopindapinda yomizidwa m'thanki ya madzi ozizira, mofanana ndi mmene paipi ya kachasu imadutsira m'madzi. Njira imeneyi imapatsa nthunzi mkuwa wochepa poyerekeza ndi makina amakono a timapaipi tambirimbiri, choncho sulufule pang'ono amapulumuka, ndipo m'mgolo amasanduka kukoma kolemera konga kwa nyama yowotcha.

Potcheza komaliza, mowa umatuluka m'magawo atatu, ndipo luso lagona pa kudziwa podula. Otcheza kachasu amayamikira mutu chifukwa ndiwo waukali. Ku Scotland mutu sulowa m'mgolo. Umanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, ndipo umakokolola mafuta amene anatsalira m'mapaipi pa ulendo wapita. Wotcheza amauyesa pothira madzi m'kabokosi kagalasi kokhoma kamene mowa umadutsamo: ukachita mbuu ndiye kuti mutu sunathe, ukayera ndiye wayamba wapakati, ndipo amatembenuzira mpopi ku thanki ya mowa wabwino. Ukali ukamatsika, fungo limayamba kulemera mpaka kufika ponunkha katoni wonyowa ndi thukuta. Umenewo ndi mchira, ndipo pamodzi ndi mutu umabwerera mumphika pa ulendo wotsatira. Fungo la utsi limatuluka mochedwa, chakumchira, choncho wodula msanga amataya peat yemwe anavutikira kufukiza, pamene wodula mochedwa amalowetsa thukuta lija m'mgolo momwe lidzakhale zaka 10.

Mowa watsopano umakhala woyera ngati madzi. Mtundu wonse ndi gawo lalikulu la kutsekemera zimachokera ku mgolo. Springbank wa zaka 10 amasakanizidwa kuchokera ku migolo ya mitundu iwiri, pafupifupi magawo 60 a migolo imene munali bourbon ndi magawo 40 a imene munali sherry. Bourbon ndi wisiki wa ku America wopangidwa ndi chimanga chosachepera 51 peresenti, ndipo lamulo la kumeneko limafuna mgolo watsopano wowauliridwa m'kati nthawi zonse, n'chifukwa chake migolo yogwirapo ntchito ya malita pafupifupi 200 imapezeka yambiri n'kutumizidwa ku Scotland. Imapereka vanila, uchi ndi kokonati. Sherry ndi vinyo wa kumwera kwa Spain, ndipo migolo yake ikuluikulu ya malita pafupifupi 500 imapereka mphesa zouma, mtedza ndi mtundu wofiirira. M'nyumba zosungiramo, zina mwa izo zakale za makoma amiyala ndi pansi pa dothi, mgolo uliwonse umataya pafupifupi 2 peresenti pachaka kudzera m'matabwa. Kumayiko otentha monga India ndi Taiwan mgolo umataya kuwirikiza kangapo, ndipo thabwa limalowerera mowa msanga mpaka kuwawa. Kuzizira ndi chinyezi cha ku Kintyre zimalola mowa kukhala zaka 10 thabwa lisanaphimbe khalidwe limene unabadwa nalo mumphika.

Tsopano za m'tambula. Thirani mamililita 25 m'galasi lopapatiza kukamwa ndipo mulisiye mphindi 10. Springbank wongotsegulidwa kumene amakhala wotsekeka, ndipo ambiri amene amamuda amamuweruza pa mphindi yoyamba. Akapuma, fungo loyamba ndi la chimera chokazinga ndi maapulo, kenako makoko a lalanje ndi chinanazi chakupsa. Pansi pa zimenezi pali mchere wa kunyanja, kautsi konga ka makala ozimitsidwa ndi madzi, ndiponso kafungo ka Campbeltown kaja, kamene kali pakati pa nsanza ya mafuta a makina ndi pansi pa nyumba ya dothi mvula itangogwa. Polemba zikumveka ngati chilema, koma m'mphuno n'chimene chimakukokerani kuti mununkhizenso. M'kamwa amalowa mwa mafuta, amakuta lilime lonse. Kutsekemera kwa uchi kumatsogola, tsabola pang'ono amatsatira, kenako mphesa zouma za migolo ya sherry, ndipo pomeza mchere ndi utsi zimatsala nthawi yaitali, pakamwa pakuuma. Chimene timamukondera n'chakuti palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimalamulira zinzake. Kumwa koyamba mumamva zipatso, kwachiwiri mchere, kwachitatu utsi, ndipo tambula ikatsala pang'ono kutha fungo la chimera limabwereranso.

Madzi amamuthandiza, koma pang'ono. Mu mamililita 25 a 46 peresenti muli mamililita 11.5 a mowa weniweni. Supuni yaing'ono ya madzi, mamililita 5, imatsitsa ukali kufika cha m'ma 38 peresenti, ndipo pamenepo ndi pothera. Yambani ndi madontho 4 kapena 5. Zipatso zimatseguka, kutentha kwa pammero kumachepa, koma mukapitirira supuniyo kulemera kwa mafuta kuja kumatha n'kutsala madzi a utsi. Madziwo akhale opanda fungo la mankhwala a m'mipope. Mukathira madzi ozizira kapena ayisi, wisikiyu angachite mbuu. Musaganize kuti mwagula wachinyengo. M'mowa muli timafuta tochokera ku chimera ndi yisiti timene timasungunuka bwino ukali ukakhala pa 46 peresenti kapena kuposa, koma timaundana ukatsika kapena kukazizira. Makampani ambiri amaziziritsa wisiki kufika pafupi ndi madigiri 0 n'kusefa timafutato kuti botolo lizioneka loyera nthawi zonse. Springbank imatisiya, ndipo ndito timene timapatsa lilime kulemera kuja. Ayisi sitimulimbikitsa chifukwa amatseka fungo, ndipo kumusakaniza ndi zakumwa zotsekemera n'kutaya ndalama, popeza wisiki wotsika mtengo angagwire ntchito imeneyo mofanana.

Zofooka zilipo, ndipo choyamba chimachokera ku njira yomweyo imene tayamikira. Mabotolo a Springbank safanana. Chimera cha manja, moto wa pansi, mathanki a matabwa ndi migolo yochepa pa kusakaniza kulikonse zimachititsa kuti botolo la chaka chino lisiyane ndi la chaka chatha. Ena amatuluka owala, a zipatso ndi mchere. Ena amalemera sherry, ndipo mwa apo ndi apo mumapezeka la sulufule wochuluka, lonunkha ngati machesi ongozimitsidwa kapena labala. Kumbuyo kwa botolo pagalasi pamasindikizidwa tsiku limene anathira, choncho mukapeza lokukomerani lembani tsikulo. Botolo la sulufule musafulumire kulitaya: mukamwako pang'ono n'kulisiya milungu 3 kapena 4, mpweya wolowamo umafewetsa fungolo, ngakhale sulimaliza lonse. Munthu amene amafuna wisiki wofewa, wotsekemera, wosasintha, monga Glenfiddich kapena Glenlivet wa zaka 12, angaone Springbank ngati wovuta, ndipo palibe cholakwika ndi kukonda kwakeko.

Chofooka chachiwiri n'chopweteka kwambiri, ndicho kusowa kwake. Fakitale yopanga chimera chonse pamanja singachulukitse mowa mmene ikufunira, ndiponso botolo logulitsidwa lero linatchezedwa zaka 10 zapitazo pamene ofuna anali ochepa. Masitolo amalandira mabotolo owerengeka, amatha tsiku lomwelo, ndipo ena amagula n'cholinga chokagulitsanso pa intaneti pa mtengo wokwera kwambiri. Ifeyo tikuti musalipire mtengo umenewo. Wisikiyu ndi wabwino kwambiri pa mtengo wake weniweni, koma pa mtengo wowirikiza pali ena omuposa. Akasowa, funani Kilkerran wa zaka 12 wa ku Glengyle. Chimera chake chimakonzedwa ku Springbank komweko, ukali wake ndi 46 peresenti, ndipo ngakhale ndi wopepukirapo, wa mandimu kuposa mafuta, mchere ndi kautsi n'zapachibale. Glen Scotia wa zaka 15 amapezeka mosavuta ndipo ali ndi mchere wa tauni yomweyo. Wofuna utsi wambiri atenge Longrow, woopa utsi atenge Hazelburn wa zaka 10, amene ndi wa migolo ya bourbon ndipo amaonetsa bwino zimene kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumachita popanda peat wophimba.

Kwa amene botololi lidzawafikire kumudzi kudzera mwa achibale a ku Britain kapena ku South Africa, kasungidwe n'kofunika chifukwa kutentha kwa Okutobala si kumene linapangidwira. Liimike chilili. Vinyo amagonekedwa, koma wisiki wa 46 peresenti akakhudza chotsekera cha cork kwa miyezi, amachidya mpaka kufumbutuka. Liikeni m'kabati ya mdima, kutali ndi windo ndi denga la malata, popeza dzuwa limafwifwitsa mtundu ndipo kutentha kumakankha nthunzi kudutsa pa chotsekera. Wisiki sakalamba m'botolo; wa zaka 10 amakhalabe wa zaka 10 ngakhale mumusunge zaka 20. Likatsegulidwa limakhala bwino chaka kapena kuposerapo, koma likatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, mpweya umachuluka ndipo fungo limazilala m'miyezi yochepa, choncho tsanulirani wotsalayo m'kabotolo kakang'ono kotseka bwino. Kumbukiraninso ukali wake. Pa kawerengedwe ka ku Britain, botolo lonse lili ndi mayuniti 32 (yuniti imodzi ndi mamililita 10 a mowa weniweni), ndipo azaumoyo kumeneko amalangiza kusapitirira mayuniti 14 pamlungu. Tambula imodzi ya mamililita 25, yomwedwa pang'onopang'ono mutadya, imakwanira kumva zonse zimene tafotokozazi.

Amene amakhala ku Scotland angathe kukaona fakitaleyo ndi maso. Basi yochokera ku Glasgow imatenga maola pafupifupi 4, kudutsa m'mphepete mwa Loch Lomond ndi Inveraray, ndipo palinso kandege kakang'ono ka mphindi zosakwana ola limodzi. Pitani pakati pa mlungu, pamene antchito ali pa chimera, ndipo funsani pasadakhale ngati ng'anjo ndi miphika zikuyaka, chifukwa pamakhala milungu imene amaimitsa ntchito kuti akonze makina. Sungitsani malo musananyamuke, makamaka mu Meyi pamene tauniyi imakhala ndi chikondwerero cha wisiki ndipo malo ogona amadzaza. Valani nsapato zotseka ndi jekete ya mvula. Pansi ndi ponyowa, masitepe ndi achitsulo, ndipo m'nyumba zosungiramo migolo mumazizira ngakhale kunja kuli dzuwa. Sitolo ya wisiki ya Cadenhead's m'tauni momwemo ndi ya kampani yomweyo ya J & A Mitchell, ndipo Glengyle ili pamtunda woyenda pansi mphindi zochepa, choncho tsiku limodzi limakwanira kuona mafakitale onse awiri.